Wobiriwirayo Ali Kuti?

Ine maphunziro a sayansi ndinkawalemekeza kwambiri, moti sindinafune kuwamaliza. Ndinachoka ku koleji chaka chachiwiri chili pakati, n'kubwerera kwathu ku Natuseko ndi chikwama, bulangete ndi mawu ataliatali. Kuyambira pamenepo atate anasiya kundilankhula. Zonse zinkadzera kwa amayi.

"Auzeni a pulofesa anuwo kuti geti silidzitseka lokha."

Ine ndili pomwepo, dzanja lili pageti.

Atate ndi mwana wa munthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi kuno ku Kabwe, ndipo iwowo anakalambira pang'anjo ya fakitale, akuponya malasha. Chifuwa chawo chimalira ngati minibasi ya ku Nakoli ikadzaza. Koma utsi saunenera zoipa. Kwa iwo chumuni chikamafuka ndiye kuti anthu ali pantchito, chikazizira, kalongedzeni.

Tsiku lina wailesi inati mafakitale adzayamba kuyatsa haidirojeni wobiriwira, mpweya wochokera m'madzi, wotsika mtengo, wopanda utsi. Atate anaizimitsa.

"Afunseni a pulofesa. Fakitale yopanda utsi si yotseka imeneyo?"

Linali funso, osati lamulo. Ndinaona kuti ndikalephera pamenepa, ndidzalankhulidwa kudzera mwa amayi mpaka imvi.

Ndinatsegula labotale pakhonde, dzuwa lili pamutu: sola ya amayi yotchajira foni, mawaya, mapensulo awiri osongola mbali zonse, botolo la achali lodzaza madzi, ndi soda wa therere. Ndinalumikiza mapensulo ku sola ndi mawaya, n'kuwaviika m'madzi a sodawo. Tithovu tinayamba kukwera kunsonga za mapensulo. Ndinavundikira nsonga imodzi ndi kabotolo kamene kanatha mankhwala a chifuwa a atate, n'kuimirira ngati m'busa pamanda.

Atate anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Afunseni, wobiriwirayo ali kuti? Ine ndikuona madzi a therere opanda therere."

Ndinafotokozera amayi, mokweza, kuti mpweyawo ulibe mtundu. Amati wobiriwira chifukwa chimene chaphwanya madziwo ndi dzuwa, osati malasha.

"Ndiye kusukuluko akati chobiriwira ndiye kuti sichioneka?" anatero amayi. "N'chifukwa chake satifiketi yako sitinaione. Ndi yobiriwira."

Ndinabwerera ku ntchito yanga. Wasayansi sakangana ndi mwini soda.

Ndinatukula kabotolo kukamwa kuli pansi, n'kuyandikiza machesi. Phu! Nkhuku inathawa, amayi anatchula Mulungu. Atate anandilanda kabotoloko, n'kukanunkhiza, n'kulowetsamo chala. Chinatuluka choyera, chonyowa pang'ono. Munthu amene anapukuta mwaye m'mphuno moyo wake wonse anangoyang'anitsitsa chala chake. Kenako anatsokomola, ife n'kudikira kuti minibasi idutse.

"Moto umenewu ukakhala waukulu, amauyang'anira ndani?"

Sanatchule amayi. Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina.

"Munthu wa pang'anjo, atate. Kungoti amaweruka malaya ali oyera."

"Iwe," anatero, "kagubuduze diramu la madzi lili kuseriko. Tipange wambiri."

Ndinawauza mwaulemu kuti diramu likhoza kutisamutsira denga ku Mulungushi, ndiponso kuti za diramu amaphunzitsa chaka chachitatu.

"Ndiye ukudikira chiyani pano? Bwerera ukaphunzire za diramu."

Anandiuza ine, m'maso, popanda womasulira. Amayi anatenga soda wawo n'kulowa m'nyumba, ntchito itawathera popanda utsi.