Mayi Wosavala wa M'chipinda Changa cha ku Dublin

Ndinatsimikiza zochoka ku Balaka tsiku limene mbuzi yanga yomaliza inandiyang'ana n'kupukusa mutu. Ndikulumbira, inapukusadi. Msuweni wanga wa ku Dublin anati kuli ntchito yongoima, ndipo kuima ine ndinkakutha kale.

Ntchitoyo inali yolondera zithunzi m'nyumba yoonetseramo zojambula, n'kumauza alendo kuti osagwira. Anandipatsa chipinda cha zojambula za Mjeremani wina wakalekale. Khoma lina linali la mabwana a mawigi oyera, atatsamira zipilala ngati akuopa kuti zigwa. Khoma linalo linali la milungu ya Agiriki: mitambo ili nayo, akavalo ili nawo, zovala n'zimene inasowa. Nsalu imodzi ankagawana anthu asanu.

Pochokera ku Ballymun kumene ndinkakhala, aliyense ankathokoza dalaivala wa basi, koma wondifunsa kuti kunyumba kwacha bwanji panalibe. Choncho moni wanga ndinkapatsa mabwana a pakhoma aja. Wamphuno yaitali anandiyankhapo kamodzi, pa Khirisimasi. Wosakhulupirira asiye.

Ndalama ndinkatumiza, zotsala zinkathera pa buledi ndi maambulera. Tsiku lina mkazi wanga anapempha chithunzi cha kuntchito. Ndinajambulitsa nditamanga tayi, osacheuka. Kumbuyo kwanga kunali mulungu wamkazi wa chikondi, atagona cham'mbali, atafunda kansalu kosakwana n'kusefera tiyi komwe.

"Bambo a Chisomo, mayiwo ndani?"

"N'chithunzi, mayi. Agogo a agogo athu anali asanabadwe."

"Ndaona kuti n'chithunzi, si ine mwana. Mumachiyang'ana maola angati pa tsiku?"

"Eyiti."

Foni inaduka. Nkhani inapita kwa ankhoswe. Malume anachikulitsa chithunzicho ndi zala kwa sabata yathunthu, ati pofuna kuumvetsa bwino mlandu. Chigamulo chinali chachidule: Disembala ndifike, apo ayi banja latha.

Ndinafika. Pabalaza ndinapeza chithunzi chachikulu ngati chitseko: mkazi wanga, atagona cham'mbali momwe muja, koma atavala mpaka m'khosi, duku kumutu. Anamujambula ndi bambo amene amalemba zikwangwani za malo ometera pamsika. Dzanja lamanzere linali ndi zala sikisi, ndinawerenga kawiri. Patsogolo pake anaikapo mpando.

"Poti luso lanu ndi kuyang'ana akazi a pakhoma," anatero mkazi wanga, "yambani. Eyiti koloko mpaka folo." N'kulowa kukhitchini.

Pambali pa chithunzicho panapachikidwa chithunzi changa cha tayi chija, mayi wosavala uja atamudula ndi sizasi. Galasi lake linali litachita mbuu ndi zala.

"Mphwanga," malume anandinong'oneza, "chimenecho mkazi wako amachipatsa moni m'mawa uliwonse chichokereni iwe."

Ndinakhala pampando paja, n'kukonza pakhosi.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" ndinafunsa khoma.

Yankho linachokera kukhitchini.

"Tadzuka. Koma osagwira."