Msilikali wa Zovala Zachitsulo ndi Mapiritsi a Masana

Chaka changa chachiwiri ku Leicester ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ulendo wa basi imodzi kuchokera ku Highfields komwe ndinkachita lendi. M'chipinda chakumapeto munali agogo ena aamuna, achizungu, amene pa unyamata wawo ankaonetsa mafilimu. Anali ndi disiki ya makatuni akalekale, opanda mawu, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Katuni imene ankaikonda inali ya msilikali wovala zachitsulo thupi lonse, wopita kukapulumutsa mwana wamkazi wa mfumu. Zovalazo zinkamulemera moti ankachita kumukweza pa hatchi ndi chingwe, ndipo akagwa ankangopalasa miyendo m'mwamba ngati kamba wogadama.

Chinandikayikitsa n'chakuti ankaiyatsa ndikangolowa ndi mapiritsi a masana.

"Taonani, mayi, apa ndiye agwa," ankatero akuloza.

Ndikacheukanso, kakapu ka mapiritsi kali pululu, iwo akumwa madzi. Koma ena amene ankamwa mankhwala omwewo ankawodzera masana onse, pamene agogowa maso anali gwa.

Ndinauza mnzanga wa ku Zambia amene tinali naye shifiti imodzi.

"Mudala uja ni wochenjera, sisi," anatero. "Muzimuyang'ana pakamwa, osati pa TV."

Mawa lake ndinanamizira kuonera, koma agogowo ndinkawaona pagalasi la kabati. Msilikali atagwera m'ngalande, dzanja lawo linatsikira m'thumba la gauni. Ndinawapempha kuti ndione. Munali mapiritsi awiri a tsikulo, ndipo ena ambiri anali m'kachitini ka maswiti.

"Bwanji simukumwa, agogo?"

Anayang'ana pa TV, katuni ikupitirira. Kenako anati, "Mwana wanga amabwera masana. Ndikamwa, amandipeza ndili m'tulo, n'kusiya kakalata. Musanene."

Ndinaima pamenepo kachitini kali m'manja. Chisoni ndinawamvera, komabe mtima wina unkandiuza kuti mwina iyinso ndi nzeru ina yondipusitsira, chifukwa mwanayo ndinali ndisanamuonepo pa masiku anga a ntchito. Ndinakaona m'buku la alendo. Ankabweradi, Lachiwiri ndi Loweruka, masiku amene ine ndinkapuma, koma agogowo ankamudikira tsiku lililonse.

Ndinakanena kwa nesi, ndipo adokotala anasunthira mankhwalawo madzulo. Agogowo anatha milungu itatu osandiyankha moni. Tiyi ankalandira, koma ankayamba amununkhiza kaye, maso ali pa ine.