Wakumapeto Ndiye Amasunga Kiyi

Tsiku limene a Mphezi analephera kumanga batani la malaya awo, anauza akazi awo kuti atseke katani ya pabalaza ndipo asadzaitsegulenso.

Inu amene mwakhala pansi n'kuyamba kudziona ngati katundu wa anthu, nkhani iyi ndi yanu.

A Mphezi anali dalaivala wa basi. Dzinali anawapatsa ndi makondakitala, chifukwa ukakwera basi yawo umafika chipewa chili m'manja, pemphero lili pakamwa. Sitiroko inawagwira m'mawa wina akumwa tiyi. Anatuluka m'chipatala mkono wakumanzere uli lende, mwendo akuchita kuukoka.

Dokotala wa mafizo sanabise mawu. "Bambo, mwendowu ukadali ndi moyo. Koma mukausiya, nawonso ukusiyani. Ukauma wauma."

Iwo anavomera ndi mutu, n'kukakhala pampando. Sikuti anali aulesi ayi. Amaopa maso a anthu. Munthu amene ankanjenjemeretsa msewu wonse ndi hutala, lero aoneke akukwekwereza phazi? Miyezi inadutsa, bondo n'kuyamba kukana kupindika. Akazi awo amakalirira kubafa atatsegula mpopi kuti amuna awo asamve.

Loweruka lililonse m'mawa, panja pa nyumbayo pamadutsa gulu la anthu. Ena amathamanga, ena amangoyenda, wina thumba la manyowa lili paphewa. Amapita kunyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa fakitale, kumene amalima dimba la kabichi, anyezi ndi karoti popanda owalipira. Akamaliza amabwerera mmene anapitira, ali matope okhaokha.

"Anthu okhuta awa," amatero a Mphezi akamva mapazi awo. "Thukuta lonselo laulere?"

Mtsogoleri wa gululo anali namwino wopuma pantchito, wamfupi, wamawu ngati beseni logwa. Onse amawatchula mayi Wezulo chifukwa cha wezulo amene samachoka m'khosi mwawo. Akazi a Mphezi anawaimitsa panjira tsiku lina n'kuwakhuthulira zakukhosi. Loweruka lotsatira mayiwo anagogoda, ndipo analowa asanauzidwe kuti lowani.

"Bambo, sindinabwere kudzazonda. Odwala ndinawaona okwanira. Ndabwera kudzakupatsani ntchito."

Anawaikira pamiyendo kiyi womangidwa kachingwe kofiira.

"Uyu ndi wa kachipinda ka makasu. Pagulu pathu lamulo ndi limodzi: kiyi amasunga wakumapeto. Asanafike iyeyo, palibe agwira khasu."

"Ndiye mwaona kuti choseketsa chanu ndikhale ine?"

"Agogo amene amasunga kiyiyu atithawa, ayamba liwiro. Tafunafuna munthu wochedwa kuposa iwo, tauzidwa kuti muno alimo katswiri."

Lamuloli linali ndi chiyambi chake. Gululi litangoyamba, othamanga amafika msanga n'kumaliza ntchito yonse. Oyenda pansi amapeza kwatsala kutsuka makasu basi, ndipo mmodzimmodzi anayamba kusiya. Mayi Wezulo ndi amene anaganiza zomanga a liwiro ndi kachingwe kofiirako.

A Mphezi anadzuka tsiku limenelo, koma ndisakunamizeni kuti chinawadzutsa ndi chikhulupiriro. Unali mkwiyo. Amafuna akawaponyere kiyiyo pamaso pa gulu lonse.

Msewu umene basi yawo inkaumeza m'kuphethira kwa diso unasanduka ulendo. Amayenda kuchoka papolo lamagetsi kufika pa lina, n'kutsamira, akazi awo ali pambuyo ndi botolo la madzi. Anafika dzuwa litakwera, malaya ali chonyowa. Anapeza gulu lonse litakhala m'mbali mwa mpanda, ena akuwongola miyendo, ena akukangana za mpira. Palibe anayang'ana wotchi.

Loko anawavuta. Ndi dzanja limodzi amangoterereka. Anthu anangoima, manja kumbuyo, mpaka loko anati khethe. Pamenepo wezulo analira, aliyense n'kuthamangira khasu lake. A Mphezi anaiwala zoponya kiyi. Anthu anawakhazika pachidebe chovundikira, iwo n'kuyamba kuzula udzu m'bedi la anyezi.

Anapitanso Loweruka linalo, ndi linzake. Kunyumba anayamba kudandaula kuti anthu amenewa sadziwa kusunga zida, makasu amangowaunjika ngati nkhuni. Akazi awo atamva kudandaulako anasangalala, chifukwa anadziwa kuti amuna awo abwerera.

Koma chimene chinatsala pang'ono kuwagwetsa si mwendo. Chinali chifundo.

Loweruka lina kunatentha kwambiri, ndipo mayi Wezulo anali atapita kukaona mdzukulu. Gulu linabweretsa mbande za matimati, zimene zinayamba kufota m'kireti podikira. Bambo wina wometa tsitsi, amene amathamanga kuposa onse komanso wamtima wabwino kuposa onse, sanapirire. Anabwerera chothamanga n'kupeza a Mphezi atatsamira polo.

"Madala, musadzipweteke ndi dzuwali. Patseni kiyiyo, inu muzibwera bwinobwino."

Anapereka. Pamene amafika, mbande zinali zitawokedwa, makasu atatsukidwa, anthu akumwa madzi. Onse anawalonjera mwaulemu, wina mpaka kuwapatsa mpando pamthunzi. A Mphezi anamwetulira, koma mumtima zinawapweteka kuposa tsiku la batani lija.

"Mayi, anthu aja amangondisunga ngati mwana," anauza akazi awo atafika kunyumba. "Dimba limalimika popanda ine."

Loweruka linadutsa osatuluka. Linanso linadutsa. Bondo linayambanso kuuma, ndipo akazi awo anachita mantha kuti ulendo uno lauma mpaka kalekale.

Loweruka linalo anamva mapazi aja akubwera, koma sanadutse. Anaima pageti. Kutsogolo kunali wometa uja, chipewa chili m'manja, kiyi ali lende pachala.

"Bambo, ndinalakwa. Ndimayesa ndikukupeputsani, osadziwa kuti ndakulandani."

Mayi Wezulo anamukankhira pambali n'kutambasula zala zawo pamaso pa a Mphezi. "Taonani zikhadabo zangazi. Chichokereni inu kachipinda sitinatsegule. Udzu tikuzula ndi manja, matimati tikuthirira ndi mabotolo omwera madzi. Mukapitiriza kukhala apa, okalamba aja chaka chino adya udzu."

"Anthu akuluakulu ngati inu, kiyi muli naye, kulephera kutsegula loko?"

"Titsegule ife loko mwini kiyi ali moyo?"

A Mphezi anatembenukira kwa akazi awo. Kenako anaitana. "Mayi, nsapato zanga zija zili kuti?"

Atatuluka, gulu lonse linayamba kuyenda pambali pawo mwakachetechete. Iwo anakweza ndodo yawo yoyendera. "Iyayi, musandizungulire ngati maliro. Othamanga thamangani. Mukandidikire komweko."

Kuyambira pamenepo sanajombenso. Mvula inawapeza panjira, ndipo tsiku lina anagwa chagada m'matope ana asukulu akuona. Anadzuka okha, n'kuwauza anawo kuti amayeza kuya kwa chithaphwi. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kudumpha mapolo ena osatsamira. Ndodo inayamba kuiwalika kudimba, mpaka wina anaizika kuti igwire tsinde la matimati. Mkono wakumanzere sunachire wonse, ndipo basi sanadzayendetsenso. Koma zala zinaphunzira kugwira chogwirira cha keni yothirira, ndipo mwendo uja unakana kuuma.

Chaka chitatembenuka, m'mawa wina anafika pakachipinda monga mwa masiku onse. Akuti alowetse kiyi, wezulo analira.

"Bambo, tayang'anani kumbuyo."

Kutali mumsewu kunkabwera mayi wina watsopano pagulupo, amene anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Amayenda pang'ono, n'kuima, n'kugwira polo. A Mphezi anali atawadutsa panjira, kuwapatsa moni, osazindikira chimene achita.

"Kiyi si wanunso," anatero mayi Wezulo.

A Mphezi anamubisa kumbuyo ngati mwana wobisa switi. "Inu, Loweruka likubwerali ndiyenda pang'onopang'ono. Lero ndangolakwitsa."

Gulu lonse linafa ndi kuseka. Iwonso anaseka, mpaka kusekako kunasanduka misozi, ndipo sanaipukute. Akazi awo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, nawonso akulira pamaso pa anthu.

Wometa uja anadzipereka kuti athamangitse kiyiyo. A Mphezi anangomuyang'ana, iye n'kubwerera mwakachetechete pamalo pake. A Mphezi anatembenuka okha n'kubwerera mumsewu, opanda ndodo, opanda wowagwira, mpaka anafika pamene panali mayi aja. Anawaveka kachingwe kofiira padzanja.

"Mayi, musafulumire. Onse mukuwaona apowo akudikira inu, ndipo alibe kochitira."

Anabwera limodzi, polo ndi polo.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero muli kumapeto kwenikweni, ndipo mukuganiza kuti anzanu zikuwayendera bwino popanda inu. Pali chitseko chimene sichitseguka mpaka mutafika. Valani nsapato, fikani papolo loyamba, pumani, muyang'ane lachiwiri. Ndipo inu a liwiro, musamalande wochedwa kiyi wake poyesa kumuthandiza. Musataye mtima, abale anga. Nyamukani, akukudikirani.