Amene ankagogoda kumchira kwa Bongololo

Inu owerenga, ndineneretu kuti ine si mwana wabwino, ndipo sindinabwere kudzalapa. Ndine amene ndinathira mchere m'chitini cha shuga tsiku limene amayi akutchalitchi anabwera kudzacheza kwathu. Ndinenso ndinamangirira zingwe za nsapato za aphunzitsi a masamu kumwendo wa tebulo, ndipo ndikakumbuka mpaka lero nthiti zimandiwawa. Koma pali chibwana chimodzi chimene chinanditembenukira mwa njira imene sindikuimvetsa, ndiye ndati ndikuuzeni, makamaka inu anzanga a manja oyabwa.

Timakhala ku Utawala, kuno ku Nairobi. Amayi amagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri, ine ndili kusekondale m'tauni. Chaka chatha kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, kuchokera ku Joni kumene ankayendetsa mabasi. Kampani ina kuno inali itagula basi yaitali yolumikiza, ya zigawo ziwiri, pakati pali chinsalu chamakwinya chimene chimapindika, ndiye inkafuna munthu woti anaigwirapo kale. Amalume anawalemba mongowayesa kaye. Ankagona pasofa pathu, akuyembekeza kuti akawakhazikitsa pantchito aitanitse akazi awo ndi ana awiri amene anatsala ku Ntcheu.

Basiyo ine ndinaitcha Bongololo, ndipo ndinkakwera m'mawa uliwonse popita kusukulu, mpando wakumapeto kwenikweni.

Amalume ankati woyendetsa basi yotere amayendetsa magalimoto awiri koma maso ali nawo a imodzi. Ikamakhota, mutu umalowa msewu wina mchira ukadali mumsewu wakale. Pagalasi umangoona makwinya aja, pomwe mchira ukupatuka n'kusesa chilichonse chimene chili m'mbali. Kamera yakumbuyo inafa ndi fumbi sabata yoyamba, belu nalo linalondola. Ndiye anabwerera kunjira ya ku Nairobi: kondakitala, amene kuno amati makanga, akamenya chitsulo cha basi, dalaivala amaima.

Kumunsi kwa tauni kuli kona ina yopanikiza kwambiri, pamene khoma la sitolo ya matayala linachita kuyandikira msewu. Chapatsogolo pang'ono pamakhala mayi wina wootcha chimanga ndi kambaula kake. Pamenepo amalume ankakhota mwapang'onopang'ono, ngati akulowetsa ulusi pasingano, anthu onse m'basi ali chete. Tsiku lina tili pakati pokhota, dzanja langa linapeza paipi pansi pa mpando. Ndinatulutsa kiyi wa nyumba n'kumenya paipiyo. Go go go.

Mabuleki ake, abale inu. Bambo wina wa tayi anakapsompsona mpando wakutsogolo kwake. Amalume anatsika, anayenda utali wonse wa Bongololo, anagwada pamsewu wonyowa n'kusuzumira kunsi, uku maminibasi, amene kuno amati matatu, kumbuyo akuliza mahutala ngati kuli ukwati. Njoro, makanga wathu, anayenda m'basi akufunsa m'Chiswahili amene wagogoda, “Nani amegonga? Nani?” Ine nkhope ili m'juzi, misozi ya chiseko ili chuchuchu.

Ndinabwereza. Osati tsiku lililonse, ndine katswiri, ndinkadumphadumpha kuti asandizolowere. Koma nthawi zonse pakona yomweyo, ndipo nthawi zonse amalume ankaima, kutsika, kugwada, kusuzumira. Anthu anayamba kunong'ona kuti basiyi ili ndi ziwanda. Amayi ena ankatsika tisanafike pakonapo n'kumaliza ulendo wapansi. Njoro anayamba kuvala kolona pamwamba pa malaya, ndipo tikamayandikira ankakweza manja onse awiri m'mwamba kuti aliyense aone kuti si iye.

Kunyumba amalume anasiya kudya. Ankakhala pasofa akuyang'ana manja awo. Amayi anawafunsa, “Achimwene, mukudwala kodi?” Iwo anangoti, “Ndi kuzizira kwa kunoku, chemwali, sindinakuzolowere.” Kenako ndinamva amayi akuuza mnzawo pafoni kuti bwana wa kampani wawachenjeza amalume: akadzaimanso pakona ija popanda chifukwa, alongedze azipita. Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinasiya. Ndinapumako masiku angapo. Koma nditamva kuti bwanayo akwera yekha kuti akaone ndi maso ake, dzanja linayamba kuyabwa ngati lagwira chitedze.

Unali mwezi wa Julaye, m'mawa wa chifunga ndi mvula yowaza. Bwana anakhala kutsogolo, pafupi ndi amalume. Ine kumpando wanga, kiyi ali m'manja. Mutu wa Bongololo unalowa msewu wina, makwinya anayamba kulira, khoma la sitolo ya matayala linayandikira zenera langa. Ndinatsitsa dzanja kulunjika papaipi.

Ndisanaikhudze, kunamveka kugogoda. Gu. Gu. Gu. Kwapang'onopang'ono, kwa chikhatho, kochokera kunja, pafupi penipeni ndi khutu langa. Chitsulo chinachita kunjenjemera paphewa panga. Ndinapukuta nthunzi pazenera. Panalibe munthu. Panali khoma lokha, pafupi moti ngakhale ine wowondayu sindikanakwana pakati. Ndipo kumbuyo konseko kunadzaza fungo la malalanje osenda kumene, pomwe panalibe amene ankadya kanthu. Njoro anali ataima pakati pa basi, manja ali m'mwamba, akundiyang'ana ine, ine ndikumuyang'ana iye.

Amalume anaima. Bwana anayamba kukalipa, mawu ake ankamveka mpaka kumchira. Amalume anatsika monga mwa masiku onse, anazungulira, anagwada. Ulendo uno anachedwa kudzuka. Atadzuka anali atanyamula kamwana ka mayi wa chimanga uja, kamene kanakwawira m'mphepete mwa khoma mayi ake ali kalikiliki kukupiza moto. Kanali katanjuta pakati pa khoma ndi tayala lakumbuyo, manja onse awiri atagwira chitsononkho. Msinkhu wake sunkafika n'komwe pamwamba pa tayala. Sindikuuzani kulira kwa mayi uja. Bwana anabwerera pampando wake, ukali wonse utathera pomwepo.

Sabata yotsatira amalume anawakhazikitsa pantchito. Kamera inakonzedwa. Akazi awo ndi ana anafika mu Disembala.

Lamlungu lina masana, ndinawapeza amalume pakhonde akupukuta nsapato. Nkhani yokoma siikhalitsa m'mimba mwanga, ndiye ndinati ndidzitame.

“Amalume, mukudziwa kuti chiwanda cha m'basi chija ndinali ine?”

Sanatukule mutu. “Kiyi wako ndinamudziwa tsiku loyamba, mphwanga. Umagogoda ngati nkhuku yojompha chimanga pamalata.”

“Nanga mumaimiranji?”

Anaika nsapato pansi n'kundiuza zimene ngakhale amayi sankazidziwa. Ku Joni, akukhota pakona ina, anamva munthu akumenya basi kumchira. Anaganiza kuti ndi ana asukulu akusewera, chifukwa ankachita zimenezo kawirikawiri, ndiye anapitiriza. Sanali ana. Anali mayi wogulitsa malalanje amene mchira unamupanikizira kuchipilala. Anafera pomwepo. Akhoti anati amalume analibe mlandu. Koma kuyambira pamenepo, anati, nthawi ndi nthawi amamva kugogoda kumchira, ndipo akaima amapeza kuti panali chifukwa.

Ndinati, “Tsiku la kamwana lija sindinali ine.”

“Ndikudziwa. Wamalalanje ujayo amagogoda ndi chikhatho.” Anatenga nsapato inzake. “Koma tandiuza, kuchokera ku Utawala mpaka m'tauni makona ndi ambirimbiri. Iwe unasankhiranji imene ija yokhayokha?”

Ndinawauza zoona zake. Ine sindinasankhe. Tinkangoti tikafika pamenepo, dzanja linkapita lokha.

“N'chimene chinkandiwondetsa,” anatero amalume. “Si bwana ayi. Ndinkaona kuti wayamba kubwereka dzanja la mwana wa mlongo wanga.”

Tsono inu owerenga, musayembekeze kuti ndinasintha. Sabata yatha yomweyi ndinaika chule m'chikwama cha Njoro, ndipo kudumpha kwake kunali koyenera mendulo. Ndikuuzaninso poyera kuti bambo wa tayi uja atapsompsona mpando zinali zoseketsa, ndipo zidakali zoseketsa. Langizo langa ndi limodzi lokha. Thirani mchere, mangani zingwe, bisani nsapato, koma chizindikiro chimene munthu amaimira kuti apulumutse moyo musamasewere nacho. Chili ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo sitiwaona. Mukachitengera kuchibwana, amabwera kudzaona amene akugwira ntchito yawo.

Bongololo ndimakwerabe, koma ndimakhala kutsogolo, kumbuyo kwa amalume. Kiyi ndinamupereka kwa amayi, ndinawanamiza kuti ndimaopa kumutaya. Tikamayandikira kona ija ndimakhalira manja anga onse awiri. Masiku ambiri palibe chimene chimachitika. Koma m'mawa wina kukakhala chifunga, ndimamva kafungo ka malalanje, ndipo dzanja lamanja limayamba kugwedezeka pansi panga, pang'onopang'ono, katatu. Ndikatero sindiseka. Ndimangoti, “Amalume, taimani.” Ndipo amaima.