Tsiku limene ndinazira khonde ndi makala a mabatire

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga, a Saidi, anabwera kwathu ku Mitande. Ankagwira ntchito kufabirika yopanga mabatire a wailesi, kumzinda wakutali, ndipo mudzi wonse unkati kumeneko ndiye kuli ntchito ya anthu. Amayi anali atatsimikiza mtima kuti mchimwene wanga Amadu akakwere nawo komboyo, sitima ya pamtunda, ku Cuamba, akalembedwe ntchito. Koma mwini mbumba anali amalume, mawu omaliza anali awo, ndipo iwo ankangoti duu, nkumatsokomola.

Ine, pofuna kuti mlendo akondwe, ndinatola mabatire akutha, nkuwaphwanya ndi mwala. Makala a m'katimo ndinawasakaniza ndi dothi, monga ankachitira amayi onse, nkuyamba kuzira khonde kuti lide bii. Fungo lake linkaswa mphuno. Njala itandigwira ndinatola chinangwa ndi manja omwewo.

Amalume sindinawaone akudzuka. Ndinangomva dzanja langa lagwidwa, chinangwa chili pansi.

"Achimwene, mwanayu walakwanji?" anafunsa amayi. "Si zinthu zanu zomwe izi? Za kufabirika kumene mumamwa mkaka tsiku ndi tsiku?"

"Mkakawo, chemwali, mumayesa ngwachikondi? Amatipatsa kuti utsuke fumbi ili pakhosi. Sutsuka."

Amadu anali pakhomo, kathumba kake atamanga kale. Amalume ananditengera pamtsuko, nkundisambitsa ndi phulusa mpaka khungu kuwawa, osandiyang'ana.

"Patarau, bwana wathu, sanama pa malipiro, satukwana munthu," anatero. "Koma Amaduyu sapita."

Amayi analira, poti anali atauza kale anzawo onse kuchitsime. Amadu sanandiyankhule mpaka tinakolola chimanga. Ati ndine ndinamutsekera mwayi. Amalume anabwerera okha, chifukwa nawonso anali ndi ana odikira ufa.

Nthawi imeneyo ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Lero, mutu uli mbuu, ndimadziwa kulemera kwa zimene anachita. Anabwera kwawo ali munthu wolemekezeka, anthu akuwalonjera ndi manja awiri, ndipo kunali kosavuta kungokhala chete. Adzukulu anga akamatama kampani, ndimawauza kuti apeze munthu wagwirako nthawi yaitali, akhale naye pansi, amve mmene akupumira.