Masamba 17 a Amalume Anga Ali Kuti?

Funso langa ndi limodzi. Kodi munthu amene mwamupatsa ntchito yosindikiza buku ali ndi ufulu woliweruza bukulo, kulipeza lolakwa, n'kulipatsa chilango mwini wake osadziwa? Ndikufunsa chifukwa shopu ina yosindikiza mabuku muno m'tauni ya Zomba yachita zimenezi, ndipo eni ake mpaka lero akudabwa kuti sindinawathokoze.

Ndiyambe ndi chimene ndinawapatsa. Amalume anga, a Mulipa a ku Matawale, agwira ntchito yolemba zikwangwani moyo wawo wonse. Ngati munagulapo nyama m'butchala ya ng'ombe yomwetulira pakhoma, mwina munaliona dzanja lawo. Atapuma ntchitoyo anayamba kujambula nkhani ya makatuni, ine n'kumalemba mawu ake. Ngwazi ya m'nkhaniyi ndi Namulunguzi, mtsikana woteteza madzi ndi nkhalango za paphiri, amene amadumpha kamodzi kokha kuchokera kudamu n'kukatera kumsika. Adani ake alipo atatu. Dzimbiri amavala malata akale ndipo amadya mapaipi a madzi. Mayi Nkhungu amafunda nsalu yoyera mpaka kumapazi, n'kumabisa akuba matabwa. Mkulu wawo ndi Makalamoto, wa chikhoto chosokedwa ndi matumba a makala, amene pamutu pake pamera zitsa ziwiri za mitengo yopsa.

Mabuku awiri oyamba tinangowachita fotokope, ana a kusekondale kumene ndimaphunzitsa n'kumabwerekana mpaka kuthetheka. Lachitatu ndiye lomaliza. Masamba 40, inki yakuda papepala lolimba, ntchito ya zaka ziwiri. Patangotha miyezi itatu atamaliza tsamba lotsiriza, amalume anadwala sitiroko. Dzanja lawo lamanja siligwiranso cholembera, ngakhale supuni. Ndinafuna kuti buku limeneli lisindikizidwe bwino, aligwire okha akadali ndi maso oonera.

Lolemba, nthawi ili 9:20 m'mawa, ndinapereka masamba onse 40 pakauntala. Ndinawawerenga limodzilimodzi pamaso pa mayi wolandira ntchito, amene ndi mkazi wa mwini shopuyo. Ndinawauza kuti kope lina palibe. Ndinawauza za dzanja la amalume. Zonsezi ndinanena kawiri.

"Musadandaule achimwene," anatero. "Kuno timagwira ntchito za maukwati ndi zamaliro, zinthu zosabwerezeka."

Tinagwirizana kuti alowetse zithunzizo mu kompyuta, asindikize mabuku 150, ndidzatenge Lachisanu pamodzi ndi masamba anga. Kulakwa kwanga ndikukuvomera pano, pasakhale wondikumbutsa: sindinawajambule masambawo ndi foni ndisanawapereke. Ndinkaganiza kuti kope labwino ndilo ndikukalipeza kushopuko.

Lachisanu, 2 koloko masana. Mayi aja kulibe. Amuna awo, mwini shopu, anandiuza kuti magetsi anavuta. Makina a wometa tsitsi khomo loyandikana anali kulira bwinobwino, koma sindinatsutse. Lolemba lotsatira anati inki ili m'njira kuchokera ku Limbe. Lachitatu anati inkiyo yafika koma ndi yolakwika. Lachinayi, 11:40, anandipatsa katoni yomata ndi selotepi, n'kundiuza kuti ndikatsegulire kunyumba chifukwa m'shopu muli fumbi.

Ndinatsegulira pomwepo.

Masamba asanu ndi atatu oyamba anali bwino, ndinene chilungamo. Patsamba 9, Namulunguzi waponya chibakera ndi mphamvu zake zonse. Akumenya yani? Palibe. Pali malo oyera. Patsamba 12 wagwa chagada, manja ali pakhosi, akulimbana ndi mphepo. Patsamba 23 pali mawu akuluakulu akuti, "Nkhalango iyi ndi yanga!" ndipo kamchira ka mawuwo kakuloza pakamwa posaoneka. Ndinapitirira mpaka kumapeto. Adani onse atatu anafufutidwa, tsamba ndi tsamba, mosamala kwambiri. Kusamala kumene sanakuonetse pa china chilichonse anakuonetsa pofufuta. M'mabuku onse 150, ngwazi ya amalume ikungodzigwetsa yokha ngati munthu wodwala.

Ndinafunsa mwini shopu kuti chachitika n'chiyani.

"Aphunzitsi, ife takuthandizani," anatero, akupukuta magalasi. "Zinthu zija sizinali zabwino. Nyanga zija."

Ndinawauza kuti si nyanga, ndi zitsa za mitengo.

"Inu mukuti zitsa. Ife tinaona nyanga. Ndipo tsiku lomwe zinalowa muno, makina anayamba kutafuna mapepala."

Ndinafunsa kuti makinawo anakonzedwa komaliza liti. Anati funso limenelo silikugwirizana ndi nkhaniyi.

"Nanga Dzimbiri, wa malata uja? Pamutu pake palibe kanthu."

"Ali gulu limodzi."

"Mayi Nkhungu?"

"Zoyera zija ndiye zoopsa kwambiri. Mmene mizukwa imabwerera ndi momwemo."

Ndinawafotokozera, mofatsa monga ndimachitira m'kalasi, kuti anthu atatuwa ndi oipa mwadala, kuti nkhani yonse ndi ya kugonjetsedwa kwawo, ndi kuti patsamba 38 Makalamoto amamira m'damu. Anandiyankha kuti iwo sanawerenge mawu, anangoona zithunzi. Taganizani. Munthu wosindikiza mabuku, wapereka chigamulo pa buku, osaliwerenga.

Ndinapempha kuti andipatse zithunzi zoyamba zija, zisanafufutidwe, pafulashi yanga. Anati palibe. Anafufutira pomwepo n'kusungira pomwepo, chifukwa kompyuta yawo imasunganso makhadi a ubatizo.

Pamenepo m'pamene ndinapempha envulopu ya masamba anga aja. Inachedwa kutuluka. Itabwera ndinaiona kuti yapepuka. Ndinawerenga: 23. Ndinawerenganso: 23. Tsamba lililonse limene panali mdani panalibe. Masamba 17.

Mayi aja anatulukira kuseri, manja atapinda pachifuwa.

"Ndinapita nawo kuphiri," anatero. "Lachisanu lija."

Lachisanu la magetsi lija. Pamene ine ndinali chilili pakauntala kumvetsera za magetsi, masamba a amalume anali m'chikwama, akukwera phiri. Mayiwo ali m'gulu la mapemphero limene limakumana m'nkhalango kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Anati anawapereka kwa mtsogoleri wa gululo ndipo anawasiya komweko.

"Munandifunsa?"

"Achimwene, nyumba ikamapsa munthu safunsa mwini wake kuti ndithire madzi."

Nambala yanga ya foni ili palisiti. Anailemba ndi dzanja lawo.

Loweruka ndinanyamuka kwathu ku Masongola 6:30 m'mawa, wapansi, kutsata njira yachidule yokwera phiri. Gululo ndinalipeza cha m'ma 9 koloko, anthu ngati makumi awiri, akuimba pansi pa mitengo ya paini. Ndinakhala pamwala n'kudikira kuti amalize, chifukwa inenso ndinaleredwa m'tchalitchi ndipo pemphero la munthu sindilidula. Mtsogoleri wawo ndi bambo wachikulire, waulemu, wa jekete lotuwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene kushopu kuja sichinachitike.

"Mapepala amabwera ambiri kuno, aphunzitsi," anatero. "Makalata ofunsira ntchito, ziphaso, zithunzi za amuna othawa mabanja. Ena timawapempherera n'kubweza. Ena timawatentha."

"Anga anali m'gulu liti?"

"Muja munali munthu wovala matumba a makala?"

"Eya."

"Amene anajambula uja ali ndi dzanja. Ndinachita naye mantha munthu ameneyo." Kenaka anapukusa mutu. "Koma sitinatenthe. Ndinawafunsa mayiwo ngati mapepalawo ndi awo, anati ndi a kasitomala. Ife sititentha chinthu mwini wake palibe. Ndinawabwezera m'manja."

Pamene tinaimapo pankaoneka mbali ina ya phiri imene mitengo yake inatha. Zitsa zakuda zokhazokha, mizere mizere, kutsetsereka mpaka kumtsinje. Ndinawalozera. Ndinati zimene amalume anaika pamutu pa Makalamoto ndi zimenezo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye mukawauze mayiwo akupatseni zinthu zanu."

Lolemba, 8:05, shopu ikungotsegulidwa, ndinali pakhomo. Ndinawauza mayi aja zimene mtsogoleri wawo ananena. Anati bambowo akalamba, amaiwala. Ndinati tikwere limodzi tikawafunse. Anati miyendo ikuwawawa. Ndinati ndilipira galimoto. Anati sangasiye kauntala. Ndinafunsa ngati masambawo ali kunyumba kwawo. Anati zinthu zotero sizingalowe m'nyumba mwawo. Ndinafunsa ngati anawataya m'njira potsika. Anayamba kusanja mapepala amene anali osanjidwa kale.

Ndiye munthu mmodzi akuti anabweza. Mnzake akuti sanalandire. Onse awiri amapemphera pamalo amodzi. Ine ndikhulupirire uti?

Mwini shopu anaona kuti anthu ayamba kuima pakhomo, ndipo anandiitanira pambali kuti tikambirane ngati akuluakulu. Anali ndi njira zitatu. Yoyamba, andibwezere ndalama. Ndinawauza kuti ndalama si zimene ndabwerera. Yachiwiri, atenge zithunzi za anthu oipa pa intaneti, ovala masuti, azimate m'malo oyera muja, kwaulere. Ananena mawu oti kwaulere ngati akundipatsa mphatso. Yachitatu ndiilemba monga anainenera, chifukwa sindikufuna kuwawonjezera kapena kuwachotsera:

"Kapena ankolo anuwo angojambulanso, koma ulendo uno zaulemu."

Ndinawakumbutsa zimene ndinawauza akazi awo kawiri tsiku loyamba.

"Aa, pepani," anatero. "Komatu mwina matendawo ndi zomwezo. Munthu ukamajambula zotere..."

Sindinakweze mawu. Ndinanyamula katoni yanga n'kutuluka, chifukwa chimene chinali pakamwa panga sichikanabweza tsamba ngakhale limodzi.

Pasakhale wonamizira kuti ndikulimbana ndi mapemphero. Chikwangwani cha patchalitchi chathu analemba ndi amalume omwewa, osalandira kanthu, ndipo ankachipakanso utoto chaka chilichonse mpaka pamene dzanja linawakana. Munthu yekhayo amene wandiyankha moona m'nkhani yonseyi ndinamupeza akupemphera paphiri. Sindikukananso kuti eni shopu ali ndi chikumbumtima chawo. Akanatha kutsegula envulopu, kuona chimene sakuchifuna, n'kundiimbira kuti, "Bambo, ntchito iyi sitigwira, dzatengeni." Ndikanadandaula pang'ono n'kupita kwina. Ufulu wokana anali nawo wonse. Koma iwo analandira ntchito, anaononga chimene sanachimvetse, anatulutsa katundu wa mwini m'shopu mobisa, kenaka n'kundinamiza masiku asanu ndi awiri za magetsi ndi inki ya ku Limbe. Ngati ankakhulupiriradi kuti achita zabwino, ankabisiranji? Ankamatiranji katoni ndi selotepi?

Ndawasiyira kalata, ndipo zimene zili m'kalatamo ndikuzibwereza pano kuti pakhale mboni. Ndikufuna masamba 17 aja, m'mene alilimo, kaya anyowa, kaya ang'ambika, kaya apsa mbali imodzi. Ngati kulibe, mayiwo anene poyera chimene anawachita, tsiku lake ndi malo ake, kuti ndileke kuyang'ana m'ngalande za m'mbali mwa njira ya kuphiri monga ndinachitira potsika Loweruka lija. Dzina la shopu sindinalilembe, chifukwa ndikuganiza kuti masambawo angakhale akadalipo, ndipo munthu wochititsidwa manyazi sachedwa kuyatsa moto.

Kwa inu nonse amene muli ndi chinthu chimodzi chokha chosabwerezeka, kaya ndi chithunzi cha malemu, kaya ndi zolemba pamanja: musachisiye pakauntala. Imani pomwepo mpaka achilowetse m'makina, muchilandirenso m'manja mwanu. Akakuuzani kuti mubwere Lachisanu, pitani nacho.

Dzulo ndinapita ku Matawale. Amalume anali pakhonde, dzanja lamanja lili pamwendo monga limakhalira masiku ano. Amalankhula pang'onopang'ono, koma mutu uli bwinobwino.

"Mphwanga," anatero, "chikhoto cha Makalamoto chatuluka bwino? Uwauze asachulutse inki. Ulusi wa matumba aja ndinaujambula umodziumodzi, milungu itatu. Makina akachulutsa inki chimangokhala chigamba chakuda."

Ndinawayankha kuti akukonzabe.

Katoni ya mabuku 150 ili pansi pa bedi langa. Masamba 23 ali m'envulopu patebulo. Amene anajambula enawo sangawajambulenso, ndipo sakudziwa kuti anasowa.