Madontho Awiri pa Damu la Bwana

Ntchito yanga yoyamba sindinaifunefune, inandipeza ndili khale m'komboni. Ndinabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Centenary, kumene bambo anga, machona a ku Dedza, ankawotcha fodya m'mabalani. Nditamaliza Sitandade Sikisi ku mishoni, kapitawo anauza mzungu mwini famu kuti mwana wa a Phiri amadziwa manambala. M'mawa mwake ndinapatsidwa pensulo, kabuku ndi ntchito yoyang'anira madzi a nazale. Zinali zaka za Chitaganya, pamene munthu sunkachoka pa famu bwana asanasaine chitupa chako kuti wakumasula.

Kusainako n'kumene ndinkalota. Ndinali nditapeza malo pa sukulu ya uphunzitsi, oyamba mu Januwale, ndipo bwana anali atalonjeza kuti, "Mbande zikalowa m'munda ndidzasaina." Podikira ndinkaphunzira masamu kudzera m'makalata.

Ntchitoyo inali yogwetsa ulesi. M'damu munali chitsulo chozika, cholembedwa mainchesi. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'matope, kuwerenga pamene madzi alekeza, kulemba, kenako kuliza injini ya pampu kuti azimayi adzaze makeni othirira mabedi. Kabukuko bwana sankakatsegula n'komwe.

Sabata ina phunziro la m'makalata linali la mzere wowongoka: ukapatsidwa madontho awiri, upeze lamulo lake, y = mx + c. Mongocheza ndinatenga manambala a damu, x akhale tsiku kuwerengera pamene tinafesa, y akhale madzi. Tsiku la 4 madzi anali pa mainchesi 54, tsiku la 14 pa 39. Atsika mainchesi 15 m'masiku khumi, ndiye kuti m ndi −1.5. Kubwerera m'mbuyo masiku anayi, c ndi 60. Tsono kukamwa kwa paipi ya pampu kunali pa mainchesi 12. Nditaika 12 m'malo mwa y, x anatuluka 32, tsiku limene pampu idzasiye kukoka madzi. Mbande zinkafuna madzi mpaka tsiku la 50.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndalakwitsa. Koma mzerewo unkati tsiku la 20 madzi adzakhala pa 30, ndipo tsikulo litakwana ndinapeza 30 ndendende. Ndinachita mantha.

Masana ndinawapeza bambo akumata dothi ng'anjo ya balani, n'kuwafotokozera zonse.

"Wauza ndani?" anafunsa osatembenuka.

"Palibe, ababa."

"Ndiye tseka pakamwa. Murungu, mzungu wathuyu, akadziwa kuti uli ndi mutu, sakusiya. Ng'ombe yokoka bwino saigulitsa."

"Nanga mbande zikauma?"

Anapukuta manja pa kabudula. "Zikauma basa latha, ntchito kulibenso. Adzasaina zitupa za komboni yonse tsiku limodzi, chakonso momwemo."

Ndinachoka ndikulingalira. Ndikakhala chete, ndipita kusukulu, koma mabanja onse aja athamangitsidwa, phoso litha, ndipo ambiri kumudzi anali ataiwalika kale. Ndikayankhula, ndadzimanga ndekha. Ndinazungulira damu lija kawiri ngati mbuzi ya pa chingwe, kenako ndinapita ku ofesi.

Ife m'katimo sitinkalowa, tinkayankhulira pa windo. Ndinapereka pepala langa la timabokosi, madontho awiri ndi mzere wotsetsereka. Bwana anaseka, n'kufunsa m'Chilapalapa chake ngati ndayamba kuombeza. Kenako anatsegula kabuku kaja koyamba, kuseka n'kutha. Tsiku lomwelo analamula kuti tizithirira kamodzi m'malo mwa kawiri, mabedi aphimbidwe ndi udzu, ng'ombe zizikamwa kumtsinje. Madzi anatifikitsa mpaka mvula yoyamba, ndipo tinawoka munda wonse.

Titamaliza ndinachapa malaya n'kukaimanso pa windo paja, chitupa m'manja.

"Uphunzitsi?" anatero. "Nanga damu langa aziwerenga ndani? Chaka chamawa."

Anandibwezera chosasaina n'kutseka windo. Malo anga kusukulu anapatsa wina. Chaka chamawa chija chinasanduka zaka zinayi, ine ndili m'matope omwewo ndi pensulo kukhutu. Mzunguyo ndinamuda, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Bambo sananenepo kuti ndinakuuza; ankangondigawira fodya wawo wopichira.

Uphunzitsi ndinadzaupeza mochedwa, Chitaganya chitatha, ndipo mzere wowongoka ndauphunzitsa kwa ana osawerengeka. Chimene ndinasunga n'chakuti yankho ukalipeza silibwereranso m'pensulo. Umalinyamula basi, ngakhale likumange, ndipo usayembekezere zikomo. Anthu a m'komboni muja sanadziwe kalikonse. Ndikakumana nawo, amakumbukabe chaka chija kuti n'chaka chimene mvula inabwera pa nthawi yake.